Waya Wodutsa Kuseri kwa Nyumba

Usiku wathawu ndinalota ndikutsatira waya, a Chimpeni, ndiye musayambe mwafunsa chifukwa chimene ndikugulira zingwe ziwiri zosiyana m'sitolo mwanu muno m'mawa wa Loweruka. Ingoyezani waya wa intanetiyo, wotuwawo, chingwe cha nayiloni muchikulunge padera, ndipo makwerero anu aja mundibwereke mpaka madzulo. A Kandulu, sunthani pabenchipo ndikhale. Mawondo anga enieni ndinawasiya ku Mangalande, pamasitepe a nyumba zosungiramo nkhalamba. Amene ndinabwera nawowa ndi ongoyendera.

Kuti malotowa muwamve, muyenera kudziwa chimene ndinagona nacho. Mwana wanga Ndaziona, uja anatsala kunja ine pobwerera, wabereka mwana wamkazi, ndipo ulemu womutcha dzina anaupereka kwa ine. Tinagwirizana kuti zichitike pavidiyo, Loweruka masana, iye atapuma kuntchito ndipo akuchimuna, omwe ndi azungu, atasonkhana. Loweruka loyamba atangonyamula khandalo kuti ndilione, chithunzi chinauma. Lotsatira chinauma ine nditayasamula kukamwa, moti azungu aja anakhala akuwerenga mano anga otsala mpaka tiyi wawo anazizira. Dzulo Ndaziona wandiuza mosapsatira kuti boma la kumeneko silidikira agogo, Lolemba mwana akukalembetsedwa. Lero zikadukanso, dzina apereka ndi amayi a mwamuna wake, ndipo alikonza kale. Akuti ndi dzina la duwa lina lake lomera m'mbali mwa njanji.

Mukuti ndingolemba uthenga pafoni, a Kandulu? Dzina la munthu si nambala ya mayunitsi. Umalitchula ukumuona mwini wake pankhope, iye n'kuyetsemula kapena kulira, pamenepo ndiye kuti walilandira. Zokwera pachulu kukasaka netiweki ya foni ndinayesa kale. Kuchigwa kwathu kuja, kumunsi kwa Chilobwe, amadutsa ndi mawu okha, chithunzi chimakana. N'chifukwa chake ndinaikitsa mlongoti kuseri kwa nyumba, kambale kake pamwamba, ndi rauta kuchipinda kwanga, kabokosi kanyanga ziwiri kaja kamene kamamwaza wayifayi m'nyumba.

Ndiye ndinagona ndikukayang'ana kabokosiko, tinyali take tonse tili tobiriwira ngati sikanalakwepo chilichonse, pakuti usiku kamagwira ntchito bwinobwino, nthawi imene palibe woyankhula naye. Mwadzidzidzi kunacha, dzuwa lili paliwombo, ndipo kabokosi kaja kanatsokomola.

"Bambo Mangulenje," kanatero kakugwedeza nyanga, "mwandizimitsa ndi kundiyatsa mokwanira. Ine si nyali ya m'chimbudzi."

Ndinati, "Amene anakugulitsa ndi amene anandiuza kutero."

"Amauza aliyense. Munandichotsa patebulo n'kundikweza pawadiropu, ndinalola. Munandisintha dzina, munasintha pasiwedi, munandipukuta ndi mpango wonyowetsa ndi sipiriti. Tsiku lina munandiwerengera Salimo."

"Linali lalifupi."

"Taonani foni yanu. Timizere tonse n'todzaza. Ine ndikufuula mokwanira, nyumba yonse ikundimva, aneba akundimva, ena mwa iwo amandiba. Vuto ndi loti ndilibe chonena. Ndili ngati mlaliki wa m'basi amene waiwala Baibulo kunyumba, mmero ulipo koma uthenga palibe. Chimene ndimanena ndimachita kupatsidwa, ndipo chimabwera ndi uyu."

Kanatembenuka n'kundionetsa kumbuyo kwake, kumene kunalowa waya wotuwa ngati mchira wa khoswe.

Ndinati, "Koma pabokosi lako analemba kuti ndiwe wopanda waya."

"Paminibasi amalembanso chiwerengero cha anthu oyenera kukwera. Utsatireni."

Ndiye ndinautsatira ndi maso. Unakwera khoma, n'kupuma pamsomali, n'kutulukira pakangodya ka windo lakuseri. Ndinati kumeneko sindipitako. Inu mukulidziwa windo limenelo, a Chimpeni, munaika magalasi ake ndinu. Limayang'ana kuseri kwa nyumba, kumene aNangozo amachapira ndi kuyanika. ANangozo ndi mkazi wa Zikani, mwana wa malemu achimwene anga, ndiye ndi apongozi anga. Katani ya windo limenelo ndinaitseka tsiku limene ndinafika ndipo sindinaitsegulepo. Kunja ndinaiwala zambiri, ndinaiwala mtengo wa chigayo, ndinaiwala kuti munthu sadandaula magetsi akazima, koma zoti mwamuna sasuzumira pamene mpongozi wake amayanika zovala sindinaiwale. Ndi katundu yekhayo amene ndinapita naye n'kubwera naye wosaphwanyika, ngakhale ndapeza kuti kuno ambiri anamutaya kale. Ine ndi aNangozo timapatsana moni kudzera m'khoma. Lachisanu madzulo ndimaika dengu la zochapa pakhomo la chipinda changa, Loweruka madzulo ndimalipeza litabwerera, zonse zopindapinda. Chofunika kunena chimadzera mwa Zikani, ndipo Zikani ali ku Beira ndi thiraki.

Rauta inati, "Ngati simudzera pawindo, zungulirani. Waya ali ndi mitu iwiri."

Ndiye ndinatuluka pakhomo lakumaso kuti ndikayambire kumutu winawo, kukampani, ndipo m'malo mwa khonde ndinaponda sitepe ya basi yosanja ija inkayenda pakati pa Blantyre ndi Limbe tili anyamata. Kondakitala anali ndi yunifomu yosita, anandiboolera tikiti, n'kundibwezera chenji ndisanamufunse. Pamenepo ndinayenera kuzindikira kuti ndikulota, koma ndinangokwera pamwamba n'kukhala kutsogolo. Pambali panga panakhala wailesi ya bambo anga, yamatabwa ija, itavala chipewa chawo.

Inati, "Wakalamba, Fedisoni."

Ndinati, "Inunso mabatire anu anatha."

Tinkaona tauni ikudutsa. Nyumba ya kanema imene ndinaoneramo dziko koyamba inali itasanduka tchalitchi, ndipo kumwamba kwake kunali tchalitchi china chotsutsana ndi chapansicho. Sitolo ya mabuku imene ndinkaimirira pawindo lake mpaka mlonda kundidziwa dzina inkagulitsa zidebe zapulasitiki, zazikulu pansi, zazing'ono pamwamba, mwadongosolo loposa la mabuku aja. Mitengo ya m'mbali mwa msewu inali itapita kukakhala makala, ndipo inkatidutsa panjinga ikubwerera m'tauni.

Wailesi inati, "Ndamva ukulimbana ndi mdzukulu wanga wanyanga uja. Ndi mtundu wathu, tonse timadzitama kuti timagwira mawu m'malere. Koma ine waya wanga unkafika pamwamba pa mtengo wa mango. Waiwala amene ankakwera kukaumanga?"

"Ndinali ine. Koma masiku ena inunso munkangolira ngati mafuta m'chiwaya."

"Eya. Bambo ako ankandimenya pamsana. Amayi ako ankadziwa chifukwa chake, koma sankanena."

Ndisanafunse, mwadzidzidzi basi inakhota n'kulowa pakhomo lagalasi, n'kuima pamzere wa anthu m'ofesi ya kampani ya intaneti. Inadikira nawo mwaulemu mpaka nthawi yanga itakwana. Pakauntala panali mtsikana wazikhadabo zazitali zopaka utoto, amene ankalemba pakompyuta ndi nsonga zake ngati akutola mapira.

Ndinati, "Mayi, intaneti yanga imaduka."

"Mwazimitsa n'kuyatsanso?"

"Ndatero."

"Mwazimitsa n'kuyatsanso?"

Pofunsa kachiwirika khosi lake linatalika, diresi lake linamera mawangamawanga, ndipo ndinaona kuti ndikuyankhula ndi nkhanga. Anzake a m'makauntala ena nawonso anali nkhanga, onse akulira chimodzimodzi, mwazimitsa n'kuyatsanso, mwazimitsa n'kuyatsanso, mpaka ofesi yonse inamveka ngati dambo m'mamawa. Yangayo inajompha kompyuta n'kunena kuti kumbali yawo zonse zili bwino.

Ndinati, "Kumbali yanga mwana alibe dzina."

"Limenelo ndi la dipatimenti ina, bambo."

Ndiye foni inalira m'thumba. Anali Ndaziona, atanyamula mwana uja, koma mwanayo anali atamera mano ndipo ankatafuna chisa.

"Adadi, mwakonza?"

"Ndili pamzere, mwanawe."

"Tikumuitana kuti Iwe. Wayamba kuyankha."

Kumbuyo kwake ndinaona amayi achizungu aja atanyamula mphika wa maluwa, akuuthirira ndi kapu ya tiyi, osathamanga, ngati munthu wodziwa kuti nthawi ili kumbali yake. Ndinatsegula pakamwa, chithunzi chinauma.

Nkhanga inandilozera chitseko ndi phiko, ndiye ndinalowa n'kupeza kuti mukugwa mvula m'chipinda monse, kuchokera kusiling'i. Pakati panakhala katswiri wa kampani uja anabwera kwathu mwezi watha, ovolosi yake yabuluu, chikwama cha zida pamwendo. Mukumudziwa, a Kandulu, anakupemphani machesi. Anali atanjuta pampando, maso ali pamwamba pa mutu, mmero ukufufuma ndi kuphwa. Anali chule, koma ovolosiyo inamukhala bwino kuposa kale.

Anati, "Madala, kwanu ndinabwera. Ndinapima liwiro, linali labwino. Ndinaonera mpira pafoni yanu mpaka hafu taimu."

"Munabwera tsiku la mvula."

"Ine ndimayenda tsiku la mvula."

"Tsiku la mvula siiduka. Usiku siiduka. Imaduka kukawala dzuwa, makamaka Loweruka."

Chule anaganiza, n'kumeza ntchentche imene inkadutsa. "Ndiye vuto ndi dzuwa. Pitani kwa abwana."

"Waya munamuyang'ana?"

"Kumutu kwake ndinamuyang'ana. Kwinako munandiuza nokha kuti kuseri sikupitidwa."

Ngakhale kutulo, chule akanena zoona amakhala wanena zoona.

Ndiye madzi a mvula ija anandinyamula n'kukanditula m'ofesi yaikulu ya kapeti, ndipo kuseri kwa desiki kunali mvuu yovala tayi, itamira mpaka m'mapewa. Ndinaizindikira ndi kachipsera ka pachipumi. Anali Chikakwiya, amene tinkakhala naye desiki imodzi kusekondale, amene ankakopera zonse zimene ndinkalemba mpaka tsiku lina anakopera ndi dzina langa lomwe.

Anati, "Mangulenje. Unabwerera? Tinkamva kuti ukuphunzitsa azungu."

"Ndinkawasambitsa."

"N'chimodzimodzi. Vuto n'chiyani?"

Ndinafotokoza zonse, za timizere todzaza, za kanyali kamene kamafiira, za dzuwa, za Loweruka. Anamvetsera akupukusa timakutu.

"Dzuwa si la kampani yathu," anatero. "Loweruka nalonso si lathu, ena amati ndi la Mulungu, nkhaniyo ikadali kukhoti. Vuto lako ndi loti unakhalitsa kunja. Kumeneko chinthu chikaduka mumafunsa pamene chadukira. Kuno timachipatsa nthawi. Mlatho wa kwanu uja unaduka, tinaupatsa nthawi, pano anthu anazolowera kuwoloka pansi ndipo pali msika."

"Ndilibe nthawi yoti ndipereke. Ndili ndi masana ano okha."

"Ndiye tiunika," anatero, n'kuyasamula.

Anayasamula mpaka desiki inabisika, ndipo m'kamwa mwakemo, pakati pa mano, ndinaona waya wanga wotuwa ukulowera kummero. Ndinavula nsapato, pakuti ndinali kulowa m'nyumba mwa munthu, n'kuutsatira.

Mwadzidzidzi ndinatulukira pamwamba pa phiri la Soche, waya uli m'manja, ukutsetsereka kulowera kwathu. Ndiye ndinayamba kuyenda nawo ndikuupapasa ngati mmene amayi amasankhira mpunga. Pamwala wina ndinapeza makoswe atavala masuti, atakhala mozungulira botolo la madzi, ali pamsonkhano wofufuza za waya yemweyo. Wapampando anaimirira n'kukonza jekete.

"Tikudziwa kuti aliyense amayamba kuganizira ife," anatero. "Taunikani nokha. Pali dzino apa?"

Ndinaunika. Khungu la waya linali losalala, lopanda bala.

"Tinaulawa chaka chatha, ulibe mchere. Komiti yathu yapeza kuti ndife osalakwa, ndipo tikumananso kunyanja kuti tikatsimikize."

Foni inaliranso. Mwana uja tsopano anali ndi yunifomu ya sukulu, ataima m'kalasi, mphunzitsi akuitana mayina. Atafika pa iye anangokhala chete kwa kanthawi, ndipo mwanayo anayankha kuti alipo. Duwa lija linali litakula kufika pawindo la kalasi ndipo linkasuzumira m'kati. Ndinatsegula pakamwa, chithunzi chinauma.

Ndiye ndinathamanga, kutulo mawondo amalola, ndipo waya anandikweza mpaka pansonga pa mlongoti wanga womwe, kwathu. Kambale kaja kanali pomwepo, katayang'ana kuphiri ngati mkazi wodikira basi.

Ndinati, "Iwe ndiye wakuba."

Kanati, "Ine ndimalandira zonse, bambo. Mdzukulu wanu ndinamuona ine poyamba, ali ndi mphuno yanu, pepani. Ndimatsitsa zonse mwa wayayu. Chakudya changanso, magetsi, chimakwera mwa waya yemweyu. Koma Loweruka dzuwa likangotuluka ndimamva chinthu chikukoka pansipo, kenako ndimaona mdima. Ndimatsitsimuka madzulo."

"Chimakoka n'chiyani?"

"Anandimanga choyang'ana kuphiri. Inu ndi amene muli ndi khosi."

Pamenepo ndinazindikira pamene ndinali. Ulendo wonse uja, basi, nkhanga, mmero wa Chikakwiya, unandizungulitsa n'kundifikitsa kuseri kwa nyumba yanga, kumtunda kwake. Pakati pa ine ndi windo langa panatsala kachidutswa kamodzi ka waya kamene palibe anakayang'anapo, ndipo kankadutsa pamwamba pa malo a apongozi. Ndinkamva fungo la sopo.

Ndinatseka maso. Musaseke, a Chimpeni, inunso mukanatero, kapena bambo anu akanatero. Ndinatseka maso n'kugwira waya ndi manja awiri, n'kuyamba kutsetsereka ngati nyani wokalamba.

"Pang'onopang'ono," anatero waya. Mawu ake anali a munthu wogona m'chipatala. "Ndine wothyoka."

"Makoswe akuti ulibe bala."

"Kunja ndilibe. Inunso kunja mulibe. M'kati mwangamu muli timitsempha tamkuwa, topyapyala ngati ulusi, topotana tiwiritiwiri. Tinapangidwira kunyamula mawu ndi zithunzi, zinthu zopanda kulemera. Tina tinaduka kalekale. Ndikakhala wopepuka nsonga zake zimakhudzana, uthenga n'kumadutsa ngati anthu odutsa pamlatho wa mitengo. Akandisenzetsa zimatalikirana."

"Amakusenzetsa ndani?"

"Tsegulani maso."

"Sinditsegula."

"Ndiye pitirizani, mukumana nawo."

Ndinatsetserekanso pang'ono, ndipo china chake chinandiluma chala. Kenako china. Zinali zopanira zovala, zitaima pamzere ngati apolisi a pamsewu.

"Imani pambali, bambo," chinatero chachikulu, chamtengo. "Mukupita kuti ndi maso otseka?"

"Kwathu. Pawindo apo."

"Katundu ali pamsewu uno ndi wanu?"

"Sindikudziwa, ndipo si malo anga kudziwa. Ndi zovala za apongozi anga."

Zopanira zija zinaseka, kuseka kwake kunali kwa timano. Ndiye pansi pa dzanja langa panamveka chifuwa chachikulu chonyowa, chifuwa chimene ndinachimva nyengo zozizira zambiri m'kachipinda kanga ka ku Mangalande, ndipo mawu anati, m'Chichewa chopotoka cha mzungu wa mishoni, "Moni, Fedisoni. Kuno kutentha kwambiri."

Ndinatsegula maso.

Linali bulangete langa. Chibulangete chaubweya chija ndinabwera nacho m'sutikesi yakeyake, chimene chikanyowa amachinyamula anthu awiri. Chinali chitakhala pakati pa waya wa intaneti, madzi akuchucha, waya atapindika mpaka kufuna kupsompsona pansi. Kunyumba za nkhalamba kuja zofunda zinkachapidwa sabata iliyonse, ndiye ine chizolowezi chimenecho ndinabwera nacho, Lachisanu lililonse n'kumaliponya m'dengu ngati mpango. Pambali pake panali mashati anga, masokosi anga, ndipo kumapeto kwenikweni chinthu china chofunditsidwa ndi chitenje mosamala, chopanidwa mbali zonse kuti mphepo isaulule. Chitenjecho chinakweza ngodya yake chokha n'kundionetsa. Anali makabudula anga am'kati, aataliatali aja ovala m'chisanu. Cha aNangozo panalibe ngakhale kampango. Zawo amayanika kubafa, kuopa kuti tsiku lina apongozi awo angatsegule katani.

Bulangete linati, "Mayi ameneyu amandichapa ndi mapazi. Amati zofunda za bambo ziyanikidwe pachingwe chabwino, chatsopano, chimene bambo anaikitsa okha. Chakale chija chimasiya dzimbiri."

Ndinati, "Tsika."

"Sindinaume."

"Tsika, ukaumire kwanu."

Ndiye ndinalimbana nalo pamwamba pa waya, ine kukoka, ilo kukakamira, zopanira zikuimba mluzu, mpaka linagwa pansi ndi mfuwu ngati ng'ombe. Waya anadziwongola n'kupuma. Kudzera pakatani ndinaona kanyali kofiira kaja kakusanduka kobiriwira, ndipo khoma lonse la nyumba linasanduka foni.

Munali nkhalamba yaikazi yaimvi, yoyendera ndodo, yamphuno yangayi, yondiposa zaka. Inakhala pampando wa m'nyumba zosungiramo nkhalamba zija, ndipo pachitseko chake, pamene timaika kakhadi ka dzina, panali poyera. Duwa lija linali litakula kukhala mtengo, mizu yake itang'amba simenti, nthambi imodzi itagwira kale cholembera.

Nkhalambayo inati, "Agogo, mwachedwa. Ndakwatiwa wopanda dzina, abusa anangoloza ndi chala. Nenani msanga, akubwera kudzandisambitsa."

Chithunzi chinali choyera, chosagwedera, moti ndinkaona ndi tsitsi la m'makutu mwake. Ndinakonza kolala. Ayi, a Kandulu, dzinalo sindikuuzani, woyamba kulimva akhale mwini wake. Ndinatsegula pakamwa, lilime linafika kale pamano kuti liyambe.

Mwadzidzidzi ndinamva phwaa, ngati munthu wamenya madzi ndi thabwa. Kenako msomali wa pawindo langa unalira, kwiii, ukukokedwa. Kenako tho, tho, tho, madzi akudontha m'beseni, ndi munthu akung'ung'udza nyimbo ya kwaya chapansipansi kuti asadzutse bambo.

Ndinali pabedi langa, nditafunda shiti yokha, kunja kutayera. Ndinayang'ana pawadiropu. Kanyali kaja kanaphethira kawiri ine ndikuona, n'kufiira.

Katani sindinaitsegule. Ndinavala shati, ndinamanga mabatani onse mpaka lapakhosi, ndinatembenukira kukhoma, n'kutsokomola. Nyimbo ija inaleka.

Ndinati, "Apongozi."

Kunja ndinamva mawondo akugunda pansi. Chibwerereni ndinali ndisanawaitanepo.

"Wawa, bambo."

"Ndikupita kwa a Chimpeni. Ndimati ndikuguleni chingwe choyanikira zovala. Mumakonda chotani?"

Anaganiza kaye, madzi akudonthabe m'beseni.

"Chilichonse, bambo," anatero. "Bola chikhale cholimba ngati chino."